Kukonza mdipiti wa chaka cha nkhoswe ya parishi kuno ku Harare

Mdipiti ukamawonongeka, umayambira kumchira. Kutsogolo zonse zimaoneka bwino: mtanda uli m'mwamba, otumikira pa guwa avala zoyera mbee, kwaya ikuimba mwamphamvu, ojambula pa foni akukhutira. Koma mukabwerera mamita 200 m'mbuyo mupeza agogo atatsalira, mzere utaduka pakati, kombi (minibasi) italowetsa mphuno pa mpata womwewo, ndipo akhristu a kumapeto, poti nyimbo sakuimvanso, ayamba kukambirana mitengo ya tomato ku Mbare Musika. Choncho komiti yokonza chaka cha nkhoswe, woyera amene parishi imadziwika ndi dzina lake, iyeze chilichonse ndi munthu woyenda pang'onopang'ono kuposa onse, ndiponso ndi amene ali kumapeto kwenikweni kwa mzere. Kutalika kwa njira, liwiro, malo a kwaya, ngakhale nyimbo zoti ziimbidwe, zonse zichokere pamenepo.

Tsiku lake

Kutatsala miyezi itatu, khalani pansi ndi Bambo Mfumu, kalendala ya Mpingo ili patebulo. M'tchalitchi chodziwika ndi dzina la woyera wina, tsiku la woyerayo ndi chaka chachikulu, ngakhale kuti m'maparishi ena tsiku lomwelo ndi chikumbutso chabe. Likagwa mkati mwa sabata, malamulo a kalendala amalola kulikondwerera pa Lamulungu la nyengo ya pachaka kuti anthu ogwira ntchito apezekepo. Chimene salola n'kuliika pa Lamulungu la Adventi, la Lenti kapena la nyengo ya Pasaka, kapena pamwamba pa chaka chachikulu cha Ambuye. A ku Tafara, omwe nkhoswe yawo ndi Alphonsus Woyera wa pa 1 Ogasiti, ndi a ku Chishawasha a Ignatius Woyera wa pa 31 Julayi, alibe vuto limeneli. Koma Yosefe Woyera wa pa 19 Malichi amagwa m'Lenti chaka chilichonse, Francis Xavier wa pa 3 Disembala amagwa m'Adventi, ndipo Fidelis Woyera wa ku Mabvuku, pa 24 Epulo, kawirikawiri amapezeka m'nyengo ya Pasaka.

Amartiri a ku Uganda, nkhoswe za parishi ya ku Mufakose, ndiwo amafuna kuwerengera kwambiri, chifukwa pa 3 Juni pamayandikana ndi Pentekoste, Utatu Woyera ndi chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye. Taonani 2026: pa 3 Juni ndi Lachitatu, Lamulungu la pa 31 Meyi ndi Utatu Woyera, la pa 7 Juni ndi Thupi ndi Magazi a Ambuye, lomwe lili kale ndi mdipiti wakewake. Lamulungu lopanda chaka china ndi la pa 14 Juni. Komiti ikangoganiza payokha kuti "Lamulungu lotsatira" n'kuyamba kusindikiza makhadi, idzawasindikiza kawiri.

Tsiku likadziwika, nthawi yonyamukira isankhidwe ndi nyengo. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira koopsa, ndipo kusonkhanitsa ana ndi okalamba panja 7 koloko n'kuwazunza. Nyamukani cha m'ma 9. Ogasiti ndi wa mphepo ndi fumbi. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, ndiye pofika 9 koloko mukhale mutalowa kale m'tchalitchi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula ya ziphaliwali imakonda kubwera masana, choncho mdipiti wa m'miyezi imeneyi ukhale wa m'mawa basi.

Njira

Mdipiti wa anthu ambiri, oimba ndi kupemphera, umayenda makilomita awiri pa ola, osati kuposa apo. Njira ya kilomita imodzi ndi theka imadya mphindi 45, ndipo mukawonjezera malo atatu oimapo a mphindi 5 aliwonse, lakwana ola lathunthu. Pamenepo ndiye malire. Achinyamata a m'komiti adzanena kuti njirayo yafupika, kuti anthu a m'dera lonse atione. Akumbutseni kuti pambuyo pa ulendowo pali Misa ya maola awiri kapena kuposa.

Njira sayeza pa mapu a pa foni okha. Kutatsala masabata awiri, iyendeni wapansi pa tsiku ndi nthawi yofanana ndi ya mdipiti, ndipo mutenge mayi mmodzi wachikulire wa m'chita (gulu la mu Mpingo, monga la amayi a Anna Woyera) kuti liwiro likhale lake. Wina ayende akuyang'ana pansi: maenje, mahampu, ngalande zosatseka, pamene suweji imakonda kuphulika, pamene zinyalala zadya theka la msewu. Wina ayang'ane kumwamba, atanyamula ndodo yaitali mamita atatu, ndipo waya kapena nthambi iliyonse imene ndodoyo yagunda ilembedwe, chifukwa ndi pomwe chifanizo kapena mbendera idzakolere.

Popeza galimoto muno zimayenda kumanzere, mdipiti nawo utenge mbali ya kumanzere, ndipo ngati n'kotheka sankhani njira yozungulira imene pokhota paliponse mukhotera kumanzere. Mukatero simudzadula msewu wa galimoto zobwera kutsogolo kwanu. Kukhotera kumanja kamodzi kokha kumatanthauza kuimitsa galimoto za mbali zonse ziwiri mpaka munthu womaliza atadutsa, ndipo mzere wa mamita 200 umatenga mphindi 6 kuti uthe kudutsa pamalo amodzi. Mphindi 6 n'zambiri kwa woyendetsa kombi kapena mushikashika (galimoto yaing'ono yonyamula anthu popanda chilolezo). Misewu ikuluikulu monga Simon Mazorodze, High Glen kapena Mutare Road isiyeni. Pewaninso pokwerera makombi ndi pakhomo pa malo omwera mowa.

Pali chinthu chimodzi chimene simungachidziwe pasadakhale: maliro. M'mawa wa tsikulo munthu mmodzi azungulire njira yonse pa njinga. Akapeza nsalu yofiira pageti ndi anthu atakhala mpaka mumsewu, mukhale muli ndi kanjira kena kolambalala komwe munakagwirizana kale. Ngati palibe kolambalala, ng'oma ndi masipika zikhale chete kuyambira nyumba zitatu musanafike pa siwa, mudutse ndi pemphero la chamumtima.

Kwa apolisi lembani kalata. Lamulo la Maintenance of Peace and Order Act la 2019, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Public Order and Security Act (POSA), limafuna kuti okonza ulendo wa gulu pamsewu adziwitse apolisi kutatsala masiku 7, ngakhale kuti misonkhano ya mapemphero yeniyeni silimaiika m'gulu limeneli. Inu lembani ndithu, kutatsala masabata awiri, chifukwa chimene mukufuna kwa iwo n'chakuti adzaime pa mphambano. Kalatayo isainidwe ndi Bambo Mfumu, itchule tsiku, nthawi yonyamuka ndi yofika, mayina a misewu motsatana, chiwerengero cha anthu chomwe mukuyembekeza, ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi woyankha mafunso. Tengani makope awiri, imodzi idindidwe ku siteshoni n'kubwera nayo, ndipo pa tsikulo ikhale m'thumba la mkulu wa olondolera mzere, osati mu ofesi yokhoma. Kutatsala masiku awiri pitaninso mukakumbutse.

Machira ndi onyamula

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa chifanizo chikagwa pamsewu anthu amayiwala zonse zabwino za tsikulo. Yambani n'kuchiyeza pa sikelo. Cha pulasitala chimalemera ndipo sichichedwa kuthyoka manja ndi khosi. Cha mtengo chimapirira. Chopepuka cha fakitale, chomwe mkati mwake ndi mphako, n'chosavuta kunyamula koma mphepo imachikankha. Kulemera kwa chifanizo, machira ndi maluwa pamodzi mukugawe ndi chiwerengero cha onyamula, ndipo aliyense asapitirire makilogalamu 12 mpaka 15. Mukapeza makilogalamu 70, anthu anayi achepa, pakufunika asanu ndi mmodzi ndi mitengo yotalikirapo.

Kwa chifanizo cha mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, kalipentala wa ku Glen View Area 8 mumuuze izi: thabwa la pulayiwudi la mamilimita 18, masentimita 90 m'litali ndi 60 m'lifupi, lokhala pa felemu ya matabwa. Mitengo yonyamulira iwiri, ya mamita 2.4, yokhuthala masentimita 5 kapena 6, yosalazidwa, imangidwe ku felemu ndi mabawuti obowoza, osati misomali, chifukwa misomali imazuka pang'onopang'ono machira akamagwedezeka. Ena amakonda felemu ya chitsulo yowotcherera ku msika wa amisiri wa Siyaso ku Mbare. Imalimba, koma mufunse kulemera kwake isanawotchereredwe. Pansi pakhale miyendo inayi ya masentimita 70 mpaka 80 kuti machira azitha kuima okha pa malo oimapo. Mukapanda miyendo, ndiye kuti anyamata awiri adzayenda ndi tebulo pamutu ulendo wonse.

Chifanizo sachimanga ndi chingwe m'khosi kapena m'manja. Chiikeni pakati penipeni pa thabwa, jambulani ndi pensulo mozungulira tsinde lake, kenaka khomani ndi masikuluwu timatabwa tinayi tothina tsindelo mbali zonse, mutaika kansalu kapena labala pakati kuti penti isakalike. Ngati pansi pake pali bowo, imikani kamtengo kolowa m'bowomo mpaka theka la msinkhu wake. Lamba wa nsalu adutse pa tsinde, abowoze thabwa, amangidwe kunsi. Mukamaliza, anthu awiri apendeketse machirawo pang'ono uku ndi uku wina atatchinga ndi manja. Chifanizo chikasuntha ngakhale pang'ono, bwerezani ntchitoyo.

Posankha onyamula, msinkhu wa phewa ndiwo woyamba, udindo wa munthu mu Mpingo ubwere pambuyo. Aimikeni pakhoma, lembani ndi choko pamene phewa la aliyense lafika, ndipo anayi oyenda pamodzi asasiyane kupitirira zala ziwiri kapena zitatu. Wamtali mmodzi pakati pa afupi amasenza katundu yense yekha, machira n'kupendekera kwa anzake. Mukhale magulu awiri kapena atatu, osinthana pa mamita 300 aliwonse, ndipo chita chilichonse chikhoza kupereka gulu lake kuti pasakhale odandaula. Kusinthana kuchitike machira ataima pansi. Munthu mmodzi yekha ndiye azilamula kuti "nyamulani", "imani", "tulani", ndipo ayende pambali pawo, osati kutsogolo. Pa mitengo, pofikira phewa, kulungani siponji ndi chitenje.

Mayendedwe akhale a mapazi afupiafupi. A kutsogolo akayamba ndi phazi la kumanzere, a kumbuyo ayambe ndi la kumanja. Onse akaponda limodzi machira amayamba kuyendera uku ndi uku, ndipo ng'oma ikakoma onyamula n'kuyamba kuvina pang'ono, kugwedezekako kumakula. Poyeserera pa Loweruka chaka chisanafike, musagwiritse chifanizo chenicheni. Ikani ndowa ya malita 20 yodzaza madzi mpaka pafupi ndi mlomo, azungulire nayo bwalo la tchalitchi, akwere sitepe, adutse pa hampu. Pamene madzi atayikire ndi pamene akulakwitsa, ndipo aliyense adziwonera yekha popanda kukangana.

Musaiwale chitseko. Phewa la munthu lili pa mamita pafupifupi 1.4, ndiye chifanizo cha mamita 1.2, kuphatikizapo kukhuthala kwa machira, mutu wake ufika pafupifupi pa 2.7. Zitseko zambiri za matchalitchi a m'malokeshoni sizifika pamenepo. Yezani, ndipo ngati sichikwana, onyamula atsitse machira m'manja asanafike pakhomo, adzakwezenso atalowa.

Maparishi ena alibe chifanizo, ali ndi chithunzi chachikulu cha m'felemu, monga zimakhalira kawirikawiri ndi Amartiri a ku Uganda poti ndi anthu 22. Chithunzi chotere chimagwira mphepo ngati thanga la bwato la ku nyanja. Chotsani galasi lake, chichirikizeni kumbuyo ndi timatabwa tiwiri topendeka, ndipo mu Ogasiti anthu awiri agwire zingwe zochokera m'ngodya za pamwamba. Mbendera za nsalu nazo zikhale ndi zingwe m'ngodya za m'munsi. Maluwa mugule madzulo a dzulo lake kwa ogulitsa a pa Africa Unity Square kapena muthyole kunyumba, agone m'ndowa ya madzi pozizira. Ofiira kwa amartiri, oyera kwa Amayi Maria ndi oyera ena, mogwirizana ndi zovala za wansembe. Kutsogolo ikani afupiafupi kuti nkhope ioneke. Makandulo pa machira ayi, makamaka ngati pali nsalu kapena maluwa a pulasitiki.

Kandandalikidwe ka mzere

Patsogolo pakhale wofukiza lubani, kenaka mtanda pakati pa makandulo awiri. Pambuyo pa mtanda, mmalo moyamba ndi achinyamata, ikani okalamba amene asankha kuyenda wapansi ndi ana aang'ono pamodzi ndi aphunzitsi awo. Anthu ena zimawadabwitsa, koma okalamba akakhala kutsogolo liwiro limakhala lawo ndipo palibe wotsalira. Kenaka magulu ndi mbendera zawo: a Agnes ndi Alois Woyera, amayi a chita cha Maria, a Anna Woyera, a Mtima Woyera, abambo a Yosefe Woyera. Asisitere, otumikira ena, ansembe ndi chifanizo abwere chapakati, kwaya ili pafupi nawo, ndipo akhristu ena onse atsatire m'mbuyo mwa miphakati yawo. Ndandanda imeneyi ilengezedwe Malamulungu awiri otsatizana ndipo pa tsikulo malo a gulu lililonse alembedwe pansi ndi laimu kapena phulusa. Mkangano wa chita chiti chiyende pafupi ndi nkhoswe ndi weniweni, musauchepetse. Uthetseni m'komiti ponena kuti azisinthana chaka ndi chaka, n'kulemba m'buku.

Wonyamula mtanda nthawi zambiri amakhala mnyamata wa miyendo yaitali, ndipo sangaone kumbuyo. Kutsogolo kwake kuyende bambo kapena mayi wachikulire amene ntchito yake ndi imodzi yokha, kugwira liwiro. Iyeyu azilumikizana ndi wa kumchira pa foni yoimba mwachindunji. Uthenga wa WhatsApp umawerengedwa mpata utakula kale. Mzere umaduka makamaka pa malo opapatiza: pageti potuluka, pokhota, pa mlatho waung'ono. Pamenepo a kumbuyo amaunjikana n'kuima, a kutsogolo ali yaviyavi, kenaka otsalawo ayamba kuthamanga kuti apeze anzawo, pemphero n'kuthera pomwepo. Mankhwala ake n'ngakuti mtanda ukadutsa malo otere uchepetsenso liwiro kwa mamita 100, ndiponso kuti malo oimapo aikidwe patsogolo pang'ono pa pokhota, kuti mzere uzilumikizana anthu akupemphera.

Olondolera mzere akhale mmodzi pa anthu 40, ndiye kuti 15 pa anthu 600, atavala mavesiti owala, ambiri a iwo ali ku mbali ya kumanja komwe kukudutsa galimoto. Anayi ena azitsogola ku mphambano iliyonse kukathandiza apolisi, ndipo asachoke mpaka galimoto ya parishi yotseka mzere itadutsa. Ana agwire chingwe chachitali cha mbali ya msewu.

Kwaya ikhale pakati, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Anthu 600 oyenda anayianayi ndi mizere 150, kutalika kwake pafupifupi mamita 200. Mawu amayenda mamita 340 pa sekondi, choncho kwaya ikakhala kutsogolo kwenikweni, wa kumapeto amamva mochedwa ndi theka la sekondi n'kupitirira, ngati wamva n'komwe. N'chifukwa chake mumamva nyimbo imodzi ikuimbidwa pawiri, kutsogolo ali pa ndime yachiwiri kumbuyo akumaliza yoyamba. Kwaya ikakhala pakati mtundawo umagawika pawiri. Tumizaninso oimba amawu amphamvu atatu kapena anayi kutsogolo ndi ena kumchira, ndipo ng'oma yotsogolera ikhale imodzi yokha; magulu awiri a ng'oma pa mzere umodzi sagwirizana. Masipika a batire awiri, imodzi yoyang'ana kutsogolo ina kumbuyo, akwezedwe pa ngolo yokankha, osati pa galimoto, yomwe imafukiza utsi anthu oimba ndipo kilatchi yake imapsa poyenda liwiro la wapansi. Atchajeni kutatsala masiku awiri, musadikire usiku womaliza, poti magetsi a ZESA sapangana ndi munthu. Wogwira maikolofoni yopanda waya asatalikire ngolo kupitirira mamita 30, ndipo akhale ndi mabatire ena m'thumba.

Zopemphera panjira

Lembani ndondomeko ya ola lonselo pa pepala limodzi, mphindi zake zili pambali. Kolona yathunthu imatenga mphindi pafupifupi 20, litaniya ya oyera mphindi 8 mpaka 10. Nyimbo zikhale za kolasi yaifupi imene munthu angabwereze popanda buku; nyimbo zovuta za mawu anayi zisungireni m'tchalitchi. Litaniya imayenda bwino kwambiri pamsewu chifukwa kuyankha kwake n'kumodzimodzi, ndipo ngakhale mwana wa kumchira amatha kunena kuti "mutipempherere ife".

Pa malo atatu oimapo werengani mbiri ya nkhoswe m'zidutswa za mphindi ziwiri, chifukwa anthu oima m'mbali mwa msewu akumva, ndipo akhristu ambiri eni ake dzina amalidziwa koma mbiri ayi. Kwa Amartiri a ku Uganda, malo oyamba akhale a Joseph Mukasa Balikuddembe, amene anayamba kuphedwa pa 15 Novembala 1885 mu ulamuliro wa Kabaka Mwanga II, mfumu ya Buganda. Achiwiri a Charles Lwanga ndi anzake amene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, pamodzi ndi Kizito, wamng'ono mwa onse, ndipo chidutswa chimenechi chiwerengedwe ndi mwana. Pa achitatu nenani kuti Papa Paul VI anawalengeza kukhala oyera pa 18 Okutobala 1964, ndipo musasiye kutchula kuti akhristu a Anglican nawonso anaphedwa nawo limodzi. Oyandikana nafe a mipingo ina amamva zimenezo.

M'maparishi ambiri muno chilankhulo cha Misa ndi Chishona, ndipo palibe chifukwa cholimbirana. Chimene chimatheka n'kupempha msanga, pa msonkhano woyamba wa komiti, kuti khumi limodzi la kolona ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri zikhale za Chichewa. Mukadikira tsiku lomwelo n'kungoyambitsa nyimbo kumchira, mwasokoneza kwaya ndipo mwadula mzere ndi manja anu. Sindikizani mawu a Tikuoneni Maria ndi a nyimbozo pa timapepala, chifukwa ana obadwira ku Mbare, Mufakose kapena Dzivaresekwa ambiri Chichewa amamva koma kupemphera nacho sanazolowere. Nthawi yophunzitsira ilipo kale: novena, mapemphero a masiku 9 okonzekera chaka. Imayamba kutatsala masiku 9, mwachitsanzo pa 25 Meyi ngati chaka chili pa 3 Juni, ndipo mphindi 10 pakutha pa pemphero la madzulo aliwonse n'zokwanira. M'masiku omwewo pakhalenso nthawi ya sakramenti la kulapa.

Mdipiti wa nkhoswe usasakanizidwe ndi wa Sakramenti Loyera. Ukaristia uli ndi tsiku lake ndi ulemu wake, ndipo kusiyanako kumaoneka ngakhale pa lubani: malamulo a Misa amati Sakramenti Loyera ndi mtanda zifukizidwe katatu, koma zifanizo za oyera kawiri. Akatekisiti afotokozere anthu kuti kwa chifanizo timaweramitsa mutu, sitigwada monga pamaso pa Ukaristia, ndipo chizolowezi chopanikiza ndalama pa nsalu ya chifanizo chilekeke. Mtanga wa chopereka uli m'tchalitchi. Makala a chofukizira ayatsidwe mphindi 15 musananyamuke kuti ayere pamwamba, chifukwa lubani wothira pa makala akuda amangowazimitsa. Makalawo sadzafika kumapeto kwa ola, choncho wotumikira wamkulu anyamule ena m'kachitini ka chitsulo kokhala ndi chogwirira cha waya. Phulusa lotentha asalitaye m'mbali mwa msewu m'miyezi ya udzu wouma. Makandulo a pambali pa mtanda avekedwe magalasi otchinga mphepo.

Madzi, odwala ndi chitseko

Werengerani theka la lita pa munthu, ndiye kuti zigubu 15 za malita 20 pa anthu 600, ndipo mu Okutobala muwonjezere. Akhale madzi owiritsa kapena othira mankhwala, m'ndowa za mpopi, aliyense ndi kapu kapena botolo lake. Amene anaona kolera ya 2008 ndi ya 2018 ku Budiriro ndi Glen View sangalole kapu imodzi yoviika m'ndowa kuzungulira gulu lonse. Ikani madziwo pa malo oimapo achiwiri ndi pageti la tchalitchi. Pemphani mabanja awiri a m'njira kuti atsegule zimbudzi zawo, muwapatse madzi ndi sopo.

Amene amakomoka kawirikawiri ndi amayi achikulire amene sanadye kanthu kuyambira dzulo pofuna kulandira Ukaristia. Lengezani momveka kuti lamulo la Mpingo limafuna kusala ola limodzi lokha, kuti madzi ndi mankhwala sizithyola kusalako, ndiponso kuti okalamba ndi odwala sakakamizidwa. Wa matenda a shuga kapena othamanga magazi adye, amwe mankhwala ake. Anamwino a m'parishi awiri ayende ndi chikwama chawo, mmodzi pakati wina kumbuyo, ndipo m'galimoto yotseka mzere mukhale mipando yopanda anthu.

Kunena zoona, mdipiti woyamba Misa isanachitike ndiwo umayenda bwino: anthu amasonkhana pa bwalo la sukulu kapena pa mphakati wina, wansembe atsegula ndi pemphero, ulendo n'kukathera pa guwa. Ukabwera pambuyo pa Misa, ena amazemba pageti ndipo ophika amakhala atathawira kale ku miphika. Vuto la njira yoyambayi ndi mipando. Ena sapita ku mdipiti, amakhaliratu m'tchalitchi kapena kusiya zitenje pa mabenchi, agogo amene ayenda ola lonse n'kudzaima pakhoma. Tsekani tchalitchi, mulowetse okhawo osatha kuyenda, ndipo mabenchi a kutsogolo asungidwire okalamba. Anthu 600 kulowa awiriawiri pa chitseko chimodzi ndi mphindi 10, choncho tsegulani zitseko zonse za m'mbali ndipo kwaya ikhale ndi nyimbo zokwanira nthawi imeneyo. Chifanizo chidikire pambali pa khomo n'kulowa pamodzi ndi ansembe anthu atakhazikika.

Za chakudya n'zodziwika kale kwa amayi a m'miphakati: ufa wa makilogalamu 10 umadyetsa anthu 40 mpaka 50, kilogalamu imodzi ya mpunga anthu 10. Mphakati uliwonse uphike ndi kugawa pa malo ake, ana ndi okalamba ayambe. Ndalama zosonkha, kaya ndi madola, ZiG (ndalama ya Zimbabwe) kapena zotumiza pa foni kudzera pa EcoCash, zilandiridwe ndi anthu awiri, zilembedwe m'mizere yosiyana, ndipo lipoti liwerengedwe m'tchalitchi pasanathe masabata awiri. Zitenje ndi zipewa za zipani zitsale kunyumba. Wandale akabwera, ayende ndi mphakati wake monga mkhristu wina aliyense, maikolofoni asapatsidwe.

Kumwamba kukada, wogamula ndi Bambo Mfumu yekha, kutatsala ola limodzi. Kamvula kowaza sikaletsa ulendo, bola pakhale pepala la pulasitiki loonekera mkati lophimbira chifanizo, poti pulasitala ikanyowa imathimbirira ndipo penti imasupuka. Koma kukagunda bingu, mtanda wa chitsulo ndi mitengo ya mbendera zisatuluke pamsewu. Zungulirani m'kati mwa tchalitchi kapena m'khonde ndi litaniya yokha.

Tsiku lomwelo madzulo achinyamata abwerere m'njira yonse ndi matumba kukatola mabotolo ndi mapepala. Chifanizo chimasulidwe ndi amene anachimanga, chipukutidwe ndi nsalu youma. Mabawuti ndi timatabwa ta pa tsinde ziikidwe m'kathumba komangirira ku machira komweko, ndipo machirawo apachikidwe m'mwamba m'chipinda chosungira katundu, asagunde pansi kapena khoma, chifukwa cha chiswe. Mlembi alembe m'buku la komiti nthawi imene mtanda unanyamuka, imene munthu womaliza analowa m'tchalitchi, ndi malo amene mzere unaduka.